Timabotolo Titatu ta Citlali

Kwa miyezi iwiri, mimba ya Citlali ndiyo inali nkhani m'nyumba mwa Herlinda. Mwana wake wa zaka zisanu ndi zinayi, koma siketi ya kusukulu inali itayamba kumuvuka yokha. Akadya pang'ono mimba inkatupa, akageya fungo lake ngati mazira owola. Masiku ena ankatsekula m'mimba, masiku ena n'kukhala bwinobwino ngati akunamizira. Mapiritsi a njoka zam'mimba, amene banja lonse limamwa kawiri pa chaka monga amachitira aliyense ku Acayucan, anali atamwa kale. Bambo ake, Ausencio, anakagulanso ena. Palibe chinasintha.

Dokotala wa pachipatala chaching'ono cha m'dera lawo ankabwera Lachisanu lokha. Iye anati zomwetsa mwana mankhwala mongoganizira zithere pomwepo, akayezetse chimbudzi.

Ku labu kunali Obdulia, amene Herlinda anakhala naye desiki limodzi kupulayimale. Anamupatsa timabotolo titatu, kalikonse kali ndi madzi a mankhwala m'kati ndi kasupuni pa chivindikiro.

"Kabotolo kamodzi, tsiku lake. Masiku atatu osiyana, Herlinda. Wandimva?"

"Ndamva. Sindine wogontha."

"Kusukulu unkayankhanso chomwechi."

Kumva anamva ndithu. Koma Herlinda ankagulitsa matamale, chakudya cha ufa wa chimanga ndi nyama chophikidwa m'masamba a nthochi, pa depoti, ndipo mphika unkayenera kukhala utafika basi yoyamba isanatsitse anthu. Lolemba Citlali anadzitsekera m'chimbudzi n'kumalira kuti ndi zonyansa. Lachiwiri anati sizikubwera, kenako n'kukadzithandiza kusukulu. Lachitatu m'mawa zinatheka. Herlinda anayang'ana kabeseni, anayang'ana timabotolo tija, anayang'ana wotchi. Akaphonya Lachisanu lino, adikiranso sabata yathunthu. Nanga mwana si yemweyu, mimba si yomweyi? Anatapa katatu, n'kulemba Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, n'kunyamula mphika wake.

Lachisanu pepala linati palibe chomwe chapezeka. Dokotala anakanda kumutu, n'kunena kuti ayambe amuletsa mkaka, adzaonane pakatha mwezi.

Ausencio ndiye anakondwa kwambiri. "Wamva, mayi ake Citlali? Mwana alibe kanthu. Ndi kukula basi. Ine pa msinkhu umenewu ndinali ngati mpini wa tsache."

"Pano muli ngati mgolo. Tasunthani ndidutse."

Lamlungu atachoka ku Misa, Herlinda anakazinga nsomba, zomwe mwanayo amazikonda kuposa china chilichonse. Citlali anatsina kawiri, n'kukankha mbale, n'kukadzipinda pa mpando manja ali pamimba. Sanalire. Anali atazolowera, ndipo chimenecho ndicho chinamubaya Herlinda. Mwezi wathunthu wopanda mkaka, mwana akuvutikabe, chifukwa cha pepala limene iye yekha ankadziwa kuti ndi labodza.

Lolemba atatha kugulitsa anakwera basi yopita ku labu, mphika wopanda kanthu uli pamiyendo. Anadikira mpaka mdala wina amene anabweretsa mkodzo m'botolo la khofi atatuluka.

"Undipatsenso mabotolo atatu ena," anatero, maso ali pa kauntala.

Obdulia anavula magalasi. "Aja anatani?"

"Anali a tsiku limodzi."

"Ee."

"Ee chiyani? Unadziwa?"

"Ndinakayika. Njere za magwafa monse mutatu, mtundu umodzi, kulimba kumodzi. Ndinati kaya, mwina kwa Herlinda amadya magwafa m'mawa, masana ndi madzulo."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanatani, ndikuyimbire foni ndikutche wabodza? Unalemba masiku ndi dzanja lako." Obdulia anatsegula kabati n'kutulutsa timabotolo tina. "Tamvera, mzanga. Tizilombo tina sitituluka tsiku lililonse. Tizilomboti tili ngati dokotala wanu uja, timaoneka tsiku limene tafuna. Lero ukhoza kusefa chimbudzi chonse osapeza kanthu, mawa n'kupeza tadzaza. N'chifukwa chake timati masiku atatu. Sikuti ine ndimasangalala kutsegula mabotolo ambiri."

"Ndinali ndi mphika wodikira, Obdulia."

"Ndikudziwa. Si iwe woyamba. Wina anabweretsa cha mwamuna wake poti mwana wakana. Tenga. Ndipo asamwe chilichonse cha m'mimba masiku amenewa, ngakhale tiyi wa masamba wa apongozi ako."

Madzulo ake Herlinda anagawa ntchito. Ausencio, amene kugalaja kwake amatsegula mochedwerapo, adzanyamula mphika kupita nawo ku depoti masiku atatu.

"Ine? Sindidziwa ndi kusiyanitsa komwe a nkhuku ndi a nkhumba."

"Omanga ndi kachingwe ndi a nkhumba. Munthu mumamasula injini yathunthu, mulephere kachingwe?"

Kenako anamukhazika Citlali pa bedi. Sanamunyengerere, nthawi yake analibe.

"Iwe, ulendo uja ndinachita zachinyengo ndine, n'chifukwa chake sanapeze kanthu. Ulendo uno tichita zenizeni. Ndakusintha matewera zaka ziwiri, palibe chachilendo chimene ungandionetse."

"Amayi, anti Obdulia amaziona ndi maso?"

"Ndiyo ntchito yawo. Anapitira kusukulu zimenezo."

"Ndiye ine sindidzapita kusukulu kumeneko."

"Zako izo. Mawa usathawire kusukulu kwanu."

Masiku atatu Herlinda anakhala pa ndowa yovundikira kunja kwa chitseko cha chimbudzi, kapu ya khofi ili m'manja, dzuwa likutuluka iye ali pakhomo pake. Anali atayiwala kuti nthawi imeneyo mbalame zimasokosera chonchi mu mtengo wa mango. Kudikirako sikunali koipa. Ausencio ankabwera ndi mphika wopanda kanthu ndi madandaulo a makasitomala oti amathira tsabola ngati akulanga anthu.

Lachinayi masana Obdulia anamukodola kuti alowe kuseri kwa kauntala.

"Koyamba mulibe. Kachiwiri mulibe. Bwera uone kachitatu. Tsinzina diso limodzi ngati zikukuvuta."

Herlinda anawerama pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Poyamba ankangoona kuwala ndi nsidze zake zomwe. Kenako anakaona: kanthu kooneka ngati peyala lodulidwa pakati, kali ndi timadontho tiwiri ngati maso, kakumuyang'ana.

"Kali ndi nkhope!"

"Dzina lake jiyadiya. Kamabwera ndi madzi kapena zakudya zosatsuka bwino. Mapiritsi anu a kamodzi n'kamodzi aja kamangowaseka. Mankhwala ake alipo, dokotala akulembera mawa."

Herlinda anayang'ananso kachiwiri. Anayembekeza kuti akwiya, koma mtima unangoti zii. Chinthu chili ndi dzina, chili ndi mankhwala. Zotsalazo ndi ntchito chabe, ndipo ntchito ankaidziwa.

Mankhwala anali owawa. Citlali ankawameza ndi supuni ya uchi, nkhope itakwinyika, katatu pa tsiku kwa sabata. Madzi akumwa anayamba kuwiritsidwa. Dokotala anatinso a m'nyumba onse ayezedwe, ndipo Herlinda anabwera ndi timabotolo tisanu ndi kamodzi, n'kuika titatu pafupi ndi mbale ya mwamuna wake.

"Ine ndili bwinobwino," anatero Ausencio.

Citlali anali pa tamale lachiwiri, limene anaba mumphika wa mawa. Anayankha chakudya chili m'kamwa.

"Masiku atatu osiyana, ababa. Ndipo musathawire kugalaja."

Herlinda anaona masamba awiri a nthochi opanda kanthu ali pambale ya mwanayo. Sananene za kubako. Anangosendeza mphika pafupi naye.