Mphodza za M'mawondo

Marivic ankasambitsa mwana wake Ningning pamene anaona timaenje tofiira m'mawondo onse awiri.

"Nanga izi?"

Mwanayo anayang'ana pansi. "Azakhali amandigwaditsa pa mphodza."

"Umalakwa chiyani?"

"Ndimasokoneza mawu a Chingelezi, quiet ndi quite. Amafanana, Amayi."

Azakhaliwo anali Perlita, mlongo wa mwamuna wa Marivic. Masana alionse ankaphunzitsa mwanayo Chingelezi mwaulere kuti adzakhoze mayeso olowera kusukulu ya masisitere ku Tarlac.

Mawa lake Marivic anasiya zochapa m'beseni n'kukalowa kwa mlamu wake osaodira. Anapeza Ningning atagwada m'lichero la mphodza zouma, mikono atatambasula, dzanja lililonse litanyamula buku.

"Dzuka!"

"Musiye," anatero Perlita. "Ife tonse tinagwadapo, ndipo sitinafe. Kuongola mtengo n'poyamba."

"Mtengo uli ndi mawondo, alamu?"

"Iwe sukulu unaithawa ndi mimba. Mawu amene akumuvutawa ungawasiyanitse?"

"Sindingathe. Ndiye tifunse amene wakhala akuwagwadira." Marivic anatola patebulo makadi awiri olembedwa mawu aja. "Ningning, lotanthauza kukhala chete ndi liti?"

Mwanayo analoza lakumanja, n'kuyang'ana azakhali ake, n'kuloza lakumanzere. Kenaka, wosauzidwa ndi munthu, anabwerera m'lichero muja n'kugwada.

Marivic anatembenukira mlamu wake. "Mwaona zimene waphunzira? Kugwada kokha ndiye wakhoza!"

"Ukamutenga lero asadzapondenso pano. Masisitere muwaiwale."

Marivic anaima kaye. Yunifomu yabuluu ya kumeneko anali ataifunsa kale mtengo kwa telala. Anamudzutsa mwanayo n'kumuchotsa njere zimene zinakanirira pakhungu.

"Sukulu yaboma nayo ili ndi zitseko," anatero, uku akukhuthulira mphodza zija m'thumba lake.

"Ndi zanga zimenezo!"

"Lero ndi Lachisanu, alamu, tsiku lodya mphodza. Kwathu chakudya timachiika m'kamwa."

Kunyumba anazitsuka bwinobwino n'kuziphika ndi adyo, tomato ndi nsomba youma, monga mmene Ningning ankazikondera chiyambire. Mwanayo anadya mpunga wokha. Mbale ya mphodza anaikankhira kutali ndi chala chimodzi.

Marivic sanamukakamize. Anaichotsa mbaleyo patebulo n'kupita kukamukazingira dzira.