Kakapu ka Mkaka Woyamba

"Kakapu kanga kali kuti?" anafunsa mayi telala, akufunafuna pa kabati ya pambali pa bedi.

Anali atangochokera kubafa, akuyenda chowerama chifukwa cha bala la opaleshoni. Mwamuna wake anali atafika kudzazonda. Bamboyu amatsuka mbale kuhotela, ndipo anzake anam'patsa dzina loti a Sopo, poti akaona chiwiya chakuda manja amawayabwa.

"Kameneka? Ndakatsuka," anatero a Sopo monyadira, akukweza kakapu koyera mbee. "Munali zinazake zachikasu, zonanda. Chipatala chonsechi palibe wodziwa kutsuka?"

Mayi telala anakhala pansi pang'onopang'ono. Akanatha akanakuwa, koma ulusi wa pamimba sunamulole. Mwana wawo anabadwa dzana, masiku osakwana, ndipo anali m'chipinda cha makanda, kuyamwa osatha. Anesi anali atamuuza kuti afinyire mkaka woyamba m'kakapuko, adzautenga 12 koloko. Kuyambira m'mamawa iye anali pantchito, dontho, kudikira, dontho lina, mpaka mabere kuwawa. Zonse pamodzi zinangokwana kasupuni ka tiyi. Ndiye munthu n'kubwera ndi ukhondo wake!

"Inu abambo, munafunsa ndani?"

"Aa, kutsuka kapu n'kofunsanso?"

"Mwataya chakudya cha mwana wanu! Kunyumba masokosi mumasiya pampando sabata yathunthu, lero ndiye mwadziwa ukhondo?"

Amayi a m'mabedi oyandikana anayamba kung'ung'udza. Wina anaseka, n'kugwira msanga bala lake. Nthawi yomweyo anesi analowa, kajakisoni kopanda singano kali m'manja. Anayang'ana kakapu, anayang'ana a Sopo, basi anamvetsa zonse.

"Pepani anesi," anatero a Sopo. "Ndithamangire kusitolo, ndikagule wa m'chitini. Chitini chachikulu."

"Bambo, umenewu sagulitsa," anayankha anesi, atatopa nazo kale. "Matumbo a mwana wanu ndi anthete. Mkaka wachikasuwu umakamata m'kati mwake kuti tizilombo tisalowe, umathandizanso kuti chimbudzi choyamba chakuda chija chituluke. Mimba ya khanda losakwana masiku ikatupa, timavutika nayo kwambiri. Komanso mkakawu ndi wa masiku ochepa, ukatha watha."

A Sopo anakanda m'mutu. "Koma kanali kochepetsetsa."

"Kamimba kake mukuganiza kuti ndi poto wa kuhotela?" anatero mayi telala, misozi ya mkwiyo ikulengeza. "Kokani katani. Khalani apa, gwirani kapu. Mukayankhulanso ndikuthamangitsani."

Anayambiranso. Bere linali lofewa, lotopa, ngati lakana. Mayi telala anafinya, naluma mlomo, nafinyanso. Mumtima ankangoti: ine ndinakwatiwa ndi munthu wotani? A Sopo anagwira kakapu ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Dontho loyamba litagwa anafuna kunena kanthu, koma mkazi wawo atawaponyera diso anatseka pakamwa.

Pomwe anesi ankabweranso n'kuti nthawi itapitirira ndi theka la ola, ndipo m'kakapu munali madontho owerengeka. Anawakoka onse ndi kajakisoni kaja osasiyako ngakhale limodzi.

"Tiyeni bambo, mukaone mwini wake," anatero anesi.

A Sopo anali asanalowepo m'chipinda cha makanda, ankangosuzumira pawindo. Anatsatira anesi mwakachetechete. Anakhalitsako ndithu, mpaka mayi telala anayamba kuda nkhawa kuti mwina kwagwa china.

A Sopo atabwerera, maso anali psuu. Anaima kumiyendo kwa bedi ngati mlendo.

"Wameza," anatero motsitsa mawu. "Anesi amudonthezera mkaka uja m'kamwa, wameza wonse. Kenako watsegulanso kakamwa, akufuna wina. Koma munalibe."

Mayi telala anatembenukira kukhoma. Mkwiyo unali usanathe, ndipo sanafune kuti uthe msanga.

"3 koloko akufunanso wina," anatero. "Inu pitani, muchedwa kuntchito."

A Sopo anatulutsa foni, n'kuimbira abwana awo kuti lero sabwera. Abwanawo anamveka akukalipa, koma iwo anadula foni mawu ali m'kamwa, n'kukokera mpando pafupi ndi bedi.