Matope Ogula

Ku ofesi ankamutchula kuti Liwiro, chonsecho munthuyo ngakhale laisensi analibe. Magalimoto ake onse makumi anayi ankakwana m'kabati imodzi yagalasi pabalaza: timagalimoto ta mpikisano ta ku Amereka, tamakedzana, totalika ngati chikhatho. Zitseko zinkatseguka, chiwongolero chinkakhota, koma mwini wake ankapita kuntchito atapanikizika m'basi ngati wina aliyense.

Mtima wake wonse unali pa gulu la otolera timagalimoto, madokotala ndi maloya amene ankakumana Loweruka n'kumasirirana zidole. Koma mukanati mutchule mawu oti zidole pamaso pawo, mukanaziona. Zaka ziwiri Liwiro akugogoda, iwo osamulowetsa. Kenaka anapeza nyambo: kagalimoto kabuluu ka mizere iwiri yoyera, kopangidwa monga momwe galimoto yeniyeniyo inkaonekera itangomaliza mpikisano. Matope m'mbali, mwaye kumbuyo, tizilombo tofera pagalasi, zonsezo zochita kupenta kufakitale konko. Anthu ophunzira, ati litsiro limenelo ndiye ulemerero wake! Tcheyamani wa gulu atangomva, anati abwera adzaone ndi maso ake.

Vuto linali limodzi: bambo ake a Liwiro, amene ankakhala pakhomo pomwepo. Mkuluyu anatsuka magalimoto a anthu mumsewu zaka makumi atatu, ndipo manja ake ankachita kunena okha. Liwiro ankachita nawo manyazi. Kugulu kuja anali atanena kale kuti bambo ake anali injiniya.

"Bambo, alendo akafika mukakhale kuseri, kukuwomba kamphepo kabwino," anatero, n'kuthamangira kukagula zakumwa.

Pobwera anakumana ndi tcheyamani pageti, ali ndi anzake awiri, galasi lokuzira zinthu lili m'thumba la malaya. Liwiro anawatsogolera m'nyumba, mano onse ali panja.

Kagalimoto kaja kanali patebulo, pa kansalu koyera, kakungoti waliwali. Panalibe ngakhale kadontho ka matope. Pambali pake panali mswachi wakutha, thonje ndi kabotolo ka petulo.

"Nanga matope aja ali kuti?" anafunsa tcheyamani.

Apo n'kuti bambo ake a Liwiro akulowa, atavala jekete lawo la kutchalitchi, akupukuta manja ndi kasanza.

"Takulandirani, mabwana. Litsiro lake linali lokakamira zedi, koma lakumana ndi mwini ntchito." Anaima, n'kumuyang'anitsitsa tcheyamani. "Aa! Si adokotala awa? Galimoto yanu yasiliva ija, yodontha oyilo ija, ikadalipo?"

Tcheyamani anayang'ana mkuluyo, anayang'ana Liwiro.

"Madala! Kani injiniya uja ndinu?"

Anzake aja anaseka mpaka kugwira nthiti. Zakumwa sanazikhudze n'komwe. Anati akumbukira kuti ali ndi kwina kopita, ndipo kuseka kwawo kunkamvekabe ali pamsewu.

"Bambo, mwandipha!" Liwiro anakuwa, misozi ili lengelenge. "Matope amenewo ndi amene anthuwa anabwera kudzaona! Anakutumani ndani?"

Mkuluyo anapinda kasanza kaja bwinobwino, monga ankachitira akaweruka.

"Palibe anandituma, mwanawe. Zaka makumi atatu ndakhala ndikutsuka za eni ake kuti iwe upite kusukulu. Ndimati lero nditsukeko yakwathu."

Anatola mswachi wawo n'kubwerera kuseri kuja, kumene kunkawomba kamphepo kabwino.