Manja Osamva Kutentha

Elliam Nankhuni anabwerera ku Nkaya Lachinayi masana, patatha miyezi isanu chichokereni. Agalu a pasiteshoni ndiwo anayamba kumuona. Anauwa mpaka amayi ogulitsa mandasi anadzuka kuti aone chimene chavuta, ndipo atamuona anasiya mabeseni awo n'kuliyatsa liwiro.

Asanachoke, Elliam anali wokonza mawaya a magetsi panjanji, munthu wowonda, wokonda nthabwala. Ankagwirizana kwambiri ndi a Hilary, mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, amene anatha zaka makumi awiri akupanga makina m'nyumba yakale yosungiramo thonje kuseri kwa siteshoni. Makinawo ankatha kuponya munthu m'zaka zam'tsogolo n'kumubweza. Chaka chimenecho chimanga chinapserera m'minda chisanabereke, ndipo a Hilary anati anthu okhala zaka zana kutsogoloko ayenera kuti ali ndi mbewu yosaopa ng'amba. Iwo sakanatha kupita chifukwa cha matenda a mtima. Elliam anati apita ndiye.

Anakafikadi. Koma atangotuluka m'makinamo, kutentha kwa kumeneko kunamugwetsa asanayende n'komwe mtunda. Amene anamutola anathamangira naye kwa madokotala awo, ndipo kuti asafe, madokotalawo anamusintha thupi. Anatsitsimuka ali ndi khungu lotuwa, lochindikala ngati khungwa la mlambe. Tsitsi linali litathothoka lonse, mapewa atakula, thukuta litasiyiratu kutuluka. Anam'patsa kathumba ka mbewu, iye n'kubwerera.

Makina aja atangomulavula, anafuka utsi n'kupseratu. A Hilary, amene akanawakonza, anali atayikidwa m'manda mwezi wapitawo.

Mkazi wake Bernadetta anali kuyanika zovala pamene Elliam ankalowa pabwalo. Anatola mpini wa khasu n'kuima pakhomo.

"Mayi a Thandizo, ndine," anatero Elliam. Mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'mbiya.

"Iyayi. Amuna anga si inu."

"Ndine ndithu."

"Ngati ndinudi, ndiuzeni zimene munandinong'oneza m'tchalitchi ku Utale tsiku la ukwati."

"Ndinati nsapato zikundithina."

Mpini unagwa pansi. Bernadetta anayandikira akulira, namugwira pamkono. Elliam anaziona zala za mkazi wake zikufinya khungu lotuwalo, koma sanamve kanthu, ngakhale pang'ono. Zimenezi sanamuuze.

Mwana wawo Thandizo, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anatha sabata yathunthu akubisala kuseri kwa chitseko. Malaya onse anamuchepera Elliam, moti Bernadetta anamusokera ena a nsalu ya makatani. Chakudya chinalibe kukoma m'kamwa mwake, mchere ndi shuga zinali chimodzimodzi. Anaswa makapu atatu chifukwa sankadziwa kuti wagwira mwamphamvu bwanji. Kuntchito anamuuza mwaulemu kuti ayambe wapuma. Kutchalitchi akakhala pabenchi, anthu ankasuntha mmodzimmodzi mpaka ankatsala ndi banja lake lokha. Pamsika ena ankati ndi khate la mtundu watsopano, ena ankati Elliam weniweni anafa ndipo chimene chikuyendachi ndi ndondocha. Amene ankamupatsabe moni wapamanja anali che Yunusu okha, oyandikana nawo nyumba, oyendetsa njinga yamoto ya kabaza.

Iye ankapirira zonsezi chifukwa cha kathumba kaja. Ankati chimangacho chikadzamera, anthu adzaona kuti sanapite pachabe.

Mvula inabwera mu Disembala, ndipo inabwera yambiri. Elliam anadzala mapando mazana awiri. Anadikira masiku asanu, khumi, kenaka anafukula phando limodzi n'kupeza njere itafewa, ikununkha. Anafukula lina, n'linanso. Zonse zinali zitawola. Mbewuyo inapangidwira nthaka youma, chimodzimodzi thupi lake, pakuti mvula ikamunyowetsa khungu linkatupa n'kung'ambika m'mikono ndi m'khosi. Anthu akamasangalala kuti kumwamba kwachita mdima, iye ankalowa m'nyumba n'kutseka zenera.

Mu Febuluwale Bernadetta anakwera sitima ya ku Nayuchi kukapikula matemba ku Chiuta, poti tsopano banja linkadalira geni yakeyo. Anati abwera mawa lake. Thandizo, amene anali atayamba kuwazolowera bambo ake, anatsala nawo.

Madzulo mwanayo anabwera kudzakhala pamkeka. "Ababa, mutu ukundiwawa."

Elliam anaika dzanja pamphumi pake monga ankachitira kale. Sanamve kutentha. Dzanjalo silikanamva ngakhale akanaliika pamakala, ndipo iye ankadziwa, koma mtima unafuna kukhulupirira kuti zonse zili bwino.

"Wasewera kwambiri. Gona, mawa udzuka bwino."

M'mawa Thandizo anakana phala. Maso anali ofiira. Elliam anaima pakhomo n'kuyang'ana njira yopita kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Mvula inali kugwa. Anaganiza za khungu lake, anaganizanso za mzere wa amayi amene akathawe ndi ana awo akangomuona. Anati adikire kaye mvula ikate. Siinakate.

Bernadetta anafika cha m'ma thiri koloko, dengu lili pamutu. Atangomukhudza mwanayo anakuwa.

"Mayo ine! Mwanayu akuotcha ngati mbaula! Wayamba liti?"

"Dzulo madzulo."

"Dzulo? Bambo a Thandizo, simunamugwire?"

"Ndinamugwira."

"Ndiye?"

Elliam anatambasula manja ake n'kuwayang'ana. "Samva kanthu awa. Chibwerereni sanamvepo kanthu. Ngakhale inu mukandigwira, ndimangoona ndi maso."

Bernadetta anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo Thandizo anayamba kuphupha, maso atatembenuka. Anamukulunga m'chitenje n'kuthamangira kwa che Yunusu. Atamuona mwanayo, che Yunusu anati uku n'kwa ku Liwonde basi, naliza njinga. Panalibe malo a munthu wachitatu wamkulu ngati Elliam.

Iye anatsata njanji wapansi, mvula ikumukwapula. Pamene ankawoloka Shire, malaya anali atamatirira ku zilonda za m'mapewa. Pageti pachipatala mlonda anachita mantha, koma che Yunusu anatuluka n'kunena kuti awa ndi bambo a mwana.

Anali malungo aakulu, ofika kuubongo. Anamwino analimbana nawo masiku asanu ndi limodzi, ndipo Thandizo anatsitsimuka. Koma mayi ake atamuitana, sanatembenuke. Anamuitananso mokweza, pafupi ndi khutu. Mwanayo ankangoyang'ana kudenga. Dokotala anati zimachitika, ndipo mwina makutuwo sadzatsegukanso.

Elliam ankayembekeza kuti mkazi wake amukalipira, mwinanso amuthamangitsa, ndipo zikanamupepukira. Koma Bernadetta, pochoka ku Liwonde, analowa m'sitolo ya mankhwala, nagula kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, n'kumuika Elliam m'dzanja.

"Aka mudzikawerenga ndi maso," anatero.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse Elliam ankamuyeza Thandizo, kaya akudwala kaya ali bwino. Mwanayo anasiya sukulu, ndipo mawu ake anayamba kupotoka. Anatulukira yekha kuti akatsamira pachifuwa cha bambo ake iwo akulankhula, amamva kunjenjemera kwa mawu awo aakuluwo. Ndiye ankabwera, n'kuwakoka mlomo kuti alankhule. Elliam ankalankhula chilichonse, mayina a masiteshoni, Atate Athu, mitengo ya matemba. Mwanayo ankaseka. Iye kuti adziwe kuti mwana akadali pachifuwa pake, ankachita kuweramitsa mutu.

Tsiku lina mvula itatha, atatuwo anakhala pakhonde akusankha matemba. Bernadetta anafunsa funso limene anali asanafunsepo.

"Kumene munapitako kuja, kunali kuno komwe?"

"Pompano. Siteshoni ilipobe, koma sitima kulibe."

"Nanga Shire?"

"Ndi mchenga. Ku Chiuta amayendako ndi ngolo."

"Anthu aliko?"

"Aliko, ochepa."

Bernadetta anasiya kusankha. "Amaoneka bwanji?"

"Ngati ine. Onse, ndi makanda omwe. Amawasintha akangobadwa."

"Ndiye mayi akanyamula mwana wake..."

"Samumva. Koma iwo sadandaula, poti sakudziwa kuti kale anthu ankamva."

Bernadetta anamukoka Thandizo n'kumukhazika pamiyendo, ngakhale anali wamkulu kale, nayamba kumumasula tsitsi limene anali atamuluka dzulo lake lomwe. Elliam anakokera dengu kwa iye napitiriza kusankha yekha, pang'onopang'ono, kuti tinsombato tisafumbutuke m'zala zake.