Mayina Amene a Reuben Anasunga

Tionenji, mtsikana wa ku Zomba, ankaphunzira zamalamulo pa yunivesite ina mu Nairobi. Ali m'chaka chachitatu, aphunzitsi awo anakonza nyumba ya malamulo yoyeserera, n'kuwalembera bilu yongopeka. Biluyo inkati aliyense wonyoza Ayuda, kapena wokana kuti Ayuda mamiliyoni anaphedwa ku Ulaya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, azikakhala kundende zaka zitatu.

Tionenji anatsogolera gulu lofuna biluyo. Gulu lotsutsa analitsogolera Kenny, mnzake wa ku Dedza, amene ankakwera naye minibasi, zija amati matatu, popita kutchalitchi Lamlungu lililonse.

Mlendo wa pa tsiku la mtsutsowo anali a Reuben, nkhalamba yachiyuda ya zaka 84, yobadwira mu Nairobi momwemo. Makolo awo anafika ku Kenya pothawa nkhanza zija. A Reuben anachedwa chifukwa magalimoto anathithikana pa Ngong Road, choncho anangokhala kumbuyo phee, ndodo ili pamiyendo.

Kenny anayamba bwino. Anati boma likayamba kusankhira anthu zonena, mawa lidzatseka pakamwa atolankhani, mkucha abusa. Anthu anaomba m'manja, iye n'kutengeka.

"Komanso ndani anawawerenga ophedwawo? Ine ndinaonera vidiyo pafoni yonena kuti chiwerengerocho anangochikokomeza."

Tionenji anadzambatuka.

"Mwadzimvera nokha! Mabodza ngati amenewa ndi amene biluyi ikufuna kuthetsa."

Onse anacheukira kumbuyo. A Reuben anaimirira pang'onopang'ono, m'manja mulibe pepala.

"Ine ndinawerenga akwathu okha," anatero.

Anayamba kutchula mayina. Dzina, zaka, ndi ntchito ya munthuyo. Agogo awo aamuna, osoka nsapato, zaka 67. Azakhali awo, ophunzitsa piyano. Amalume amapasa amene ankaphika buledi. Msuweni wa miyezi isanu, dzino lisanamere. Sanakweze mawu ndipo sanadodome paliponse. Tionenji ankawerenga ndi zala pansi pa desiki. Anthu amenewa a Reuben sanawaonepo, chifukwa anaphedwa ku Ulaya iwo ali khanda kuno ku Kenya. Koma anawasunga m'mutu onse 31, monga momwe mayi awo anawauzira.

Atamaliza anayang'ana Kenny.

"Mwana wanga, lamuloli likanakhalapo bwenzi apolisi akukudikira pakhomo apo. Ukanalowa m'ndende bodza lako lili chikhalire m'mutu, ndipo ine sindikanapeza mpata wokuuza zimenezi."

Ena a gulu lotsutsa anayamba kumwetulira, koma nkhalambayo inatembenukira kwa Tionenji.

"Koma mayi anga akanavotera iwe. Ankati kwawo sizinayambe ndi mfuti ayi. Zinayamba ndi nthabwala zapamsika ndi tinkhani ta m'nyuzipepala, anthu n'kumati ndi mawu chabe. Anamwalira zaka makumi anayi zapitazo, koma mpaka lero ine ndi iwo tikutsutsanabe mumtima mwangamu. Wolondola sindikumudziwa."

Anakhala pansi. Panapita kanthawi aphunzitsi asanakumbukire kuti pali kuvota. Biluyo inagwa ndi mavoti awiri okha, ndipo palibe anakondwerera. Tionenji, amene anakonzekera mtsutsowu masabata awiri athunthu, anadabwa kuona kuti kugonjako sikunamupweteke n'komwe.

Potuluka anamupeza Kenny ataima pakhonde, mutu uli chozolika.

"Iwe, usangoima apa. Pita ukawapepese asanakwere galimoto," anamuuza.

Kenny anawathamangira. "Pole sana, Mzee, pepani kwambiri agogo. Ndinayankhula zopusa. Kodi mungandilole ndilembe mayina aja?"

A Reuben anatembenuka n'kumuyankha.

"Ubwere kwathu ku Kilimani Lachitatu masana. Utenge mnzakoyu ndi kope lalikulu. Aliyense mwa anthu amenewa ali ndi nkhani yake, ndipo ine ndimayankhula pang'onopang'ono."

Anapitadi onse awiri. Lachitatu loyambalo anangokwanitsa kulemba nkhani za anthu anayi okha.