Mlongoti Wopindika ndi Alamu Anga

Ndinalota mlongoti wa ngalawa yathu utapindika ngati chikwakwa. Ine ndi alamu anga, amene sitimwerana madzi chimwalirireni achemwali, tinkauwamba pamoto kuti ufewe, koma unkanunkha ngati tsitsi lopserera. Kenaka tinaulowetsa pamphanda ya mtengo umene unamera m'chipinda mwanga. Alamu anayamba kukanikiza akukukuta mano.

"Basi alamu, uthyoka!" ndinakuwa.

"Chopindika chiwongoke basi," anayankha.

Apo ndinazindikira kuti pamphandapo pali msana wanga. Mafupa ankalira, thanga lonyowa, chinsalu cha pamlongoti, litanditseka pakamwa.

Kaya malotowa akutanthauzanji. Koma kutacha, alamu atabwera kuti tikakonze ngalawa, ndinawauza kuti atsogole. Munthu ameneyu sadzayendanso kumbuyo kwanga.