Chitsulo cha a Sumaila

Shamsia anali asanatule n'komwe chikwama cha paulendo pamene achimwene ake, a Shabir, anamulozera khomo la kuchipinda kwa amayi.

"Kaike mmenemo. Uzigona momwemo. Eda ya amayi yayamba, ndiye pafunika munthu wamkazi wokhala nawo."

Bambo awo, a Sumaila, mmisiri wowotcherera zitsulo ku Old Town, anamwalira dzana m'mawa, ndipo dzuwa lisanalowe anali ataikidwa kale monga mwa Chisilamu. Uthenga unamupeza Shamsia ku Cape Town komwe ankaphunzira. Pofika pakhomo anapeza mphasa zikupindidwa, azimayi akubweza mapoto obwereka. Anthu anamupepesa ndithu, koma anali atalira kale mpaka kutopa. Iye analira yekha, ngati munthu woyamba kudya anzake atasamba kale m'manja.

Amayi ake, a Adija, anali pamkeka m'chipindamo, atafunda nsalu kumutu. Anamugwira dzanja osanena kanthu. Mwambo wa eda unkafuna kuti mayi wamasiyeyo akhale panyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osayendayenda. A Shabir ankakhala ku Area 47, akazi awo ankagwira ntchito ku City Centre, anawo anali aang'ono. M'mutu mwa a Shabir nkhaniyo inali yosavuta: mlongo wosakwatiwa alipo, kufunsanso chiyani?

M'mawa mwake Shamsia anapeza a Shabir m'shedi ya kuseri kwa nyumba, momwe bambo ankagwirira ntchito. Geti losatha linali litatsamira khoma. Fungo la chitsulo chopsa linali likadalimo, ndipo linamupweteka kuposa mawu onse a chipepeso.

"Achimwene, sabata yamawa ndiyenera kubwerera."

A Shabir anapitiriza kulongedza zida m'bokosi. "Bwanji? Nyenyezi zako zathawa?"

"Imodzi yaphulika."

"Ndiye ukaizimitse?"

Shamsia anakhala pandowa yovundikira. Anali atafotokozapo zimenezi pamaso pa maprofesa osanjenjemera, koma apa lilime linalemera. Anati nyenyezi yaikulu imakhala ndi moyo pophatikiza maatomu opepuka kuti apange olemererapo, ndipo moto wake umachokera m'kuphatikizanako. Imapanga ichi, ichi n'kupanga icho, mpaka pakatikati pake padzaze chitsulo. Chitsulo ndiye sichipereka moto. Pamenepo nyenyeziyo imagwera mkati mwa iyo yokha, kenako n'kuphulika.

"M'kuphulikako mumapangika maatomu osakhalitsa otchedwa nikelo. Amasanduka kobaloti, kobalotiyo n'kusanduka chitsulo, ndipo kusandulikako n'kumene kumawalitsa mtambo wotsalawo. Panopa kuwalako kukuzilala tsiku ndi tsiku. Atipatsa telesikopu miyezi inoyi basi. Digiri yanga yonse yatsamira pamenepo, achimwene. Eda ikamatha, sipadzakhalanso choyeza."

"Yaphulika liti?"

"Kalekale. Ili kutali kwambiri, kuwala kwake kwangotifika kumene."

A Shabir anatseka bokosi lija. "Ndiye kuti inafa kalekale. Maliro a bambo ako anakupita, koma a nyenyezi sukufuna akupite."

Sanakalipe ayi, ndipo n'chimene chinapweteka. Anali iwowo amene ankanyamula bambo kupita nawo kuchipatala, kuwasambitsa, kuwatembenuza pogona. Shamsia sankadziwa kuti matenda afika pamenepo. Pafoni a Sumaila ankangoti ndi kachifuwa, n'kuyamba kumufunsa za kumwamba. Kuyambira tsiku limene anawauza kumene chitsulo chinachokera, mkuluyo sanapumenso. Bwana wa ku Area 43 akadandaula kuti geti lakwera mtengo, ankamuyankha nkhope ili gwa kuti, "Bwana, katunduyu ngwakunja, wochokera kunyenyezi. Mwana wanga akhoza kukuuzani." Mabwanawo ankaseka, n'kugula.

Masana onse Shamsia anangozungulira m'nyumba momwe anakulira, osapeza pokhala. Azimayi a kumzikiti ankamufunsa ngati kumeneko apeza mwamuna, n'kutembenukira kwa anzawo iye asanayankhe. Foni yake inkanjenjemera ndi mauthenga a anzake a kusukulu, odzaza manambala a kuwala kwa usiku wapitawo. Anaizimitsa. Anali wokwiya ndi bambo ake chifukwa chomubisira, komanso ankadziona wolakwa, ndipo analibe woti amuuze zonsezi. Itatha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, anapita kwa a Shabir.

"Ndikhala."

A Shabir anagwedeza mutu. Chisangalalo sichinaoneke pankhope pawo, koma mapewa anatsika. "Usagonenso pansi. Bambo anasiya bedi kusitolo kosungira katundu kuja. Ndi chinthu chomaliza chimene anapanga, akuchita kupumira panjira."

Analilowetsa awiriwiri, n'kuliika kukhoma moyang'anana ndi la amayi. Linali lachitsulo, lopakidwa utoto wobiriwira, mowotcherera monse mosalala bwino. Atayala matiresi, Shamsia anagonapo kuti ayese. Iye anatengera msinkhu wa bambo ake, ndipo mapazi onse awiri anatulukira kunja, zidendene zili lende.

A Shabir anayang'ana mapaziwo kwa kanthawi. "Matenda aja anawasokoneza mutu," anatero motsitsa mawu, n'kutuluka kukatsazikana ndi alendo.

M'chipindamo munatsala awiri. A Adija anadzuka pamkeka pang'onopang'ono, anakoka kampando, n'kukhala kumiyendo kwa bedilo. Ananyamula mapazi a mwana wawo n'kuwaika pamiyendo pawo.

"Bambo ako sanalakwitsepo muyezo," anatero. Anali mawu awo oyamba chifikire iye. "Ngakhale geti la nkhuku."

"Ndiye bwanji, amayi?"

"Bedili si lako. Ndi la mng'ono wanga Nasrin."

Shamsia anafuna kudzuka, koma amayi anagwiritsa mapaziwo. A Nasrin, mayi ake aang'ono a ku Salima, anali amasiye nawonso, munthu wamfupi woti pampando wa minibasi mapazi safika pansi.

"Atabwera kudzawaona mwezi watha, bambo ako anamuimika pachitseko apa n'kutulutsa tepi. Nasrin akuti, 'Alamu, mukundiyeza sanda ya maliro kodi? Wodwala ndinu.' Tinaseka tonse. Kenako anamupempha kuti nthawi ikafika adzakhale nane. Anavomera. Akungodikira kuti ndimuitane."

"Achimwene akudziwa?"

"Ayi. Anandisiyira ine kuti ndidzanene." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Anati, 'Shamsia akadzabwera adzafuna kukhala, ndipo Shabir adzamukakamiza. Musadzalole. Adzalire nafe, kenako azipita.' Ndinawalonjeza. Koma utalowa pakhomo paja ndi chikwama chako, ndinakhala chete dala. Ndimafuna ukhale, mwanangu. Nyumba ino yakula."

Panja a Shabir ankaperekeza munthu kugeti, ndipo kumsewu kunkamveka mahutala a madzulo. Shamsia anayang'ana kudenga. Ankaganiza za bambo ake ali m'shedi muja, mpweya ukuwathera, akudula chitsulo mofupikitsa mwadala kuti mwana wawo asakwanepo. Sanadziwe ngati athokoze kapena adandaule.

"Ndikhoza kukhalabe, amayi."

"Ugona bwanji, mapazi ali panja miyezi yonseyi?" A Adija anaseka pang'ono, kuseka kwa misozi. Anapisa dzanja limodzi pansi pa nsalu, natulutsa kafoni kawo kakale, n'kukaika pachifuwa pa Shamsia. "Maso angawa saona manambala. Muimbire Nasrin, umuuze anyamuke mawa."

Shamsia anafufuza dzinalo, nadina. Foni inayamba kuitana ku Salima. Amayi ake anali asanasiyebe mapazi aja.